Mabedi okokera mafupa ku wodi kwathu: mmene ntchito yayendera kuyambira Ogasiti

Zolembazi ndi za ntchito yokonzanso mabedi okokera mafupa pachipatala chathu cha m'boma, ku wodi ya abambo ndi ya ana. Ndimalemba pang'onopang'ono ntchito ikamayenda. Ndaziika pano chifukwa anzathu a mafupa m'zipatala zina akhala akufunsa kuti tinayamba bwanji, ndipo zikutheka kapena ayi.

Kumayambiriro kwa Ogasiti

Tayamba n'kuzungulira bedi ndi bedi kuona zimene zikulendewera kumiyendo kwa odwala. Zimene tapeza sizingadabwitse aliyense wogwira ntchito m'wodi. Chingwe chikuchoka pamsomali wobooledwa pa fupa la mwendo, chikukhula pa chitsulo cha kumiyendo kwa bedi popanda kagudumu kalikonse, n'kukathera pa thumba la njerwa kapena la miyala. Chingwe chikamakhula chonchi, mphamvu ina imathera pachitsulo pomwepo osafika pa fupa. Tinabwereka sikelo yopachika ija yoyezera ana n'kuyeza matumba onse. Lina linali makilogalamu 3 pa bambo wojintcha, lina makilogalamu 11 pa mnyamata wowonda. M'mafailo mwa onse awiri munalembedwa makilogalamu 7.

Ndiye chimene tikufuna ndi ichi: kulemera kolembedwa mufailo kukhale komweko kumene kukukoka mwendo, usana ndi usiku. Wodwala atuluke bondo likupinda. Ndipo amene fupa lake likukana kugwirana timuone msanga, asathe miyezi pabedi pachabe.

Kwa owerenga amene si a chipatala, nkhani yake ili motere. Fupa la ntchafu likathyoka, minofu ya pantchafu, yomwe ndi yamphamvu kwabasi, imakokana ndipo zidutswa ziwiri zija zimapitirirana. Mwendo umafupika, phazi limagwera kunja, ndipo magazi otayikira mkati mwa ntchafu amatha kupitirira lita imodzi pamene pakhungu palibe ndi bala lomwe. Tikapachika cholemera, minofu imatopa n'kugonja, zidutswa zimabwerera m'malo, ululu umatsika, ndipo thupi limayamba lokha kumanga fupa latsopano pothyokapo. Nzeruyi si ya lero. Hugh Owen Thomas wa ku Liverpool anapanga chitsulo chake chogwirira mwendo m'zaka za m'ma 1870, ndipo wachibale wake Robert Jones atachifalitsa pakati pa asilikali a Britain pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imfa za othyoka ntchafu zinatsika kwambiri. Msomali umene timaboola nawo fupa unayamba ndi Fritz Steinmann ku Bern mu 1907, ndipo mpaka lero umadziwika ndi dzina lake.

Pasakhale wondimva molakwa. Kwa munthu wamkulu, kukoka si njira yopambana. Chitsulo cholowetsa mkati mwa fupa, chimene Gerhard Küntscher anayamba ku Kiel mu 1939, chimadzutsa wodwala m'masiku ochepa. Bungwe la SIGN, lomwe Lewis Zirkle anayambitsa mu 1999, linapanga chitsulo chotheka kuika ngakhale m'thiyeta yopanda makina ounikira fupa nthawi ya opaleshoni. Kafukufuku wa Dr Linda Chokotho ndi anzake pa odwala 187 m'zipatala za muno m'Malawi, amene anatuluka mu 2020, anaonetsa kuti oikidwa chitsulo anachira msanga, ndipo ena ochuluka ndithu mwa okokedwa anafunikabe opaleshoni pambuyo pake. Zonsezi tikuzidziwa. Koma opaleshoni imafuna thiyeta, magazi, wogonetsa tulo, zitsulo zake ndi ambulansi yokhala ndi mafuta, pamene wa kabaza wagundidwa usiku uno ndipo ali pamachira pakhomo pathu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chiyambire 1985, pamene Dr Edward Blair anayambitsa maphunziro a ma clinical officer a mafupa m'dziko muno, othyoka ambiri m'maboma amathandizidwa ndi ife, ndipo chimene tili nacho m'manja tsiku lililonse ndi msomali, chingwe ndi cholemera.

Pakati pa Ogasiti

Wowotcherera wa kumsika wabwera kudzayeza mabedi. Felemu yake ndi yosavuta: mapaipi awiri oimirira omangidwa ndi mabawuti kumiyendo kwa bedi, ndi wina wopingasa wotheka kukweza ndi kutsitsa kuti chingwe chiyende molunjika ndi fupa la ntchafu. Tigudumu togula n'todula ndipo sitipezeka kuno. Iye yemwe ndi amene anati tiyese mahabu a njinga zakale. Akawatsuka n'kuwapaka girisi amazungulira ndi chala chimodzi, ndipo chingwe chimakhala bwino pakati pa milomo yake iwiri osagwera m'mbali. Okonza njinga anatigulitsa motsika mtengo kwambiri chifukwa kwa iwo zinali zotaya.

Pa zolemera panali kukambirana. Ena anakonda zigubu za mafuta ophikira za malita 5, poti lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi ndipo kuwonjezera kapena kuchepetsa n'kosavuta. Anamwino anakana. Anati zigubu zimadontha, ndipo tsiku limene madzi asiya kutuluka pampopi, chigubu cholendewera pambali pa bedi sichingakhale chodzaza mpaka madzulo. Ananena zoona. Tasoketsa timatumba ta kanivasi ta mchenga wouma, ta kilogalamu imodzi ndi ta makilogalamu awiri, kalikonse kolembedwa nambala yake ndi penti yaikulu yooneka munthu ataima pakhomo.

Kalipentala watidulira zipika zokhala ndi dzenje pakati zokwezera miyendo ya bedi. Njerwa zomwe zinalipo zimasweka bedi likagwedezeka. Bedi likapendekera kumutu, thupi la wodwala limakokera uko pamene mchenga ukukokera kumiyendo, ndipo fupa limakhala pakati pa mphamvu ziwirizi. Bedi likakhala lathyathyathya, mchenga umangomukoka munthu yense mpaka phazi litakagunda chitsulo, basi kukoka kwathera pomwepo.

Chingwe cha nayiloni choyanikira zovala tachisiya. Chimatamuka ndipo mfundo zake zimamasuka zokha. Tapeza choluka.

Kumapeto kwa Ogasiti

Nkhani yovuta sabata ino inali yocheka mabedi. Tikufuna kusiya kugoneka mwendo pa felemu ya Braun, chitsulo chokwezera mwendo bondo losayenda, kwa masabata onse aja, chifukwa fupa limatha kugwirana koma bondo n'kuuma gwa, munthu osathanso kukhala pansi, kupalasa njinga kapena kunjuta m'chimbudzi cha kumudzi. Njira ya George Perkins wa ku London imafuna bedi lochotsedwa theka la kumiyendo. Wodwala amakhala tsonga, ntchafu ili pamatilesi, msongolo ukulendewera pamalo potseguka, ndipo amapinda ndi kuwongola bondo chingwe chikukokabe.

A matironi atamva zoti tikufuna kucheka bedi la boma ndi sowo anangondiyang'ana. Tinagwirizana zotenga mabedi akale amene anaunjikidwa kuseri kwa kochapira, omwe analembedwa kale kuti ndi otha ntchito. Mawaya ake a kumiyendo anali owola kale, ndiye palibe chimene tawononga. Matilesi tawadula pawiri n'kuwakutanso ndi pulasitiki yolimba. Theka la kumiyendo limakhala pa thabwa losolola: nthawi yolimbitsa thupi amalichotsa, nthawi yogona amalibwezera.

Seputembala

Tagwirizana njira imodzi yoboolera, ndipo tailemba pa pepala lomatidwa pakhoma la chipinda chochitira tiopaleshoni tating'ono. Msomali umalowa pa fupa la msongolo, masentimita awiri kumunsi ndi awiri kumbuyo kwa kachitunda kamene kali m'munsi mwa bondo. Timayambira kunja kulowera mkati. Chifukwa chake n'chakuti mtsempha umene umadzutsa phazi umazungulira kunja kwa bondo, pakhosi pa kafupa kakang'ono ka m'mbali, ndipo ukayambira mbali imeneyo umadziwa pamene nsonga ikulowera. Ukaulasa, phazi limagwa ndipo munthu amayenda akulikwekwesa. Mankhwala ochititsa dzanzi afike mpaka pa fupa mbali zonse ziwiri, osati pakhungu pokha. Tisanaboole ndiponso tikatha, wodwala adzutse chala chachikulu cha kuphazi tikuona, ndipo zilembedwe. Nsonga za msomali timazivundikira ndi timphira totsekera mabotolo a jakisoni kuti zisabaye mwendo winawo kapena kung'amba nsalu. Kwa agogo, amene mafupa awo ndi ofewa, tikusunga misomali ya Denham, ija yokhala ndi mazinga pakati, chifukwa wosalala umasuntha uku ndi uku.

Poyambira timapachika gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa munthu. Wa makilogalamu 60 amayamba ndi 6. Kuchokera apo, amene amalamula ndi tepi yoyezera. Timayeza kuchokera pa nsonga ya fupa la chiuno kutsogolo mpaka pa kafupa ka mkati mwa kakolo, miyendo yonse iwiri, ndipo manambala amalembedwa pa khadi lopachikidwa pa felemu. Mwendo ukafupika timawonjezera kathumba. Ukatalika kuposa unzake timachotsa msanga, chifukwa zidutswa zikatalikirana fupa latsopano silitha kuwoloka mpata. Ambiri amaopa kufupika kokha, koma ine ndimaopa kwambiri kukoka mopitirira, poti mwendo wofupika ndi sentimita imodzi munthu amayenda nawo osadziwa, pamene fupa losagwirana ndi opaleshoni. Timaonanso kuti nsonga ya chiuno, bondo ndi chala chachiwiri cha kuphazi zili pamzere umodzi, ndipo pansi pa ntchafu pali kapilo kuti fupa lisagwere kumbuyo.

Makina a X-ray oyenda nawo ku bedi tilibe. Kujambula wodwala kumatanthauza kumuchotsa pa chingwe, kumumanga m'chitsulo cha Thomas n'kumukankha pa tirole mpaka kuchipinda chojambulira. Sitichita zimenezi mwachisawawa. N'chifukwa chake tepi ndi manja zili ndi ntchito yaikulu kuno.

Woyamba kugona pa bedi la Perkins ndi bambo wa kabaza wa njinga yamoto. Masiku oyamba a fiziyo, amene amaphunzitsa odwala kulimbitsa thupi, anangomuphunzitsa kulimbitsa mnofu wa patsogolo pa ntchafu, kukanikiza bondo pansi n'kuwerenga mpaka 10. Atachotsa thabwa koyamba anagwira felemu ndi manja awiri thukuta lili kamukamu.

"Adokotala, si uthyokanso umenewu?"

"Suthyoka, bambo. Chingwe chaugwira. Tsitsani pang'ono, pomwe pakuwawa muime."

Anatsitsa mwina kotalika ngati chala, n'kubweza. Pofika kumapeto kwa sabata anali akupinda yekha uku akumvera mpira pa wailesi.

Kumapeto kwa Seputembala

Apa ndi pamene ntchito yeniyeni yaonekera, ndipo ilibe chochita ndi wowotcherera.

Manambala a pa makadi anayamba kuvina. Mwendo woyezedwa madzulo uli bwino, m'mawa wafupika ndi masentimita awiri, pofika masana wabwereranso. Si bedi limodzi lokha. Namwino wa usiku ndi amene anatiuza kuti tibwere mbandakucha tisanayembekezeke. Thumba lina linali litakhazikidwa bwinobwino pa mpando. Lina linali pansi chifukwa wodwala anatsetsereka ndipo chingwe chinatalika. Pa bedi lina mfundo inakakamira pa habu, ndiye mchenga unali kukoka felemu osati mwendo. Pena bulangete lonyowa linayanikidwa pa chingwe.

Ndinafunsa mayi amene amadikirira amuna awo pa bedi la pakona.

"Mayi, thumbali lakwera bwanji pampando?"

"Pepani adokotala. Bambowa sagona, amangobuula. Ndinati apumeko pang'ono, kukacha ndibwezera."

Palibe chifukwa chomukalipira munthu wotere. Wagona pa simenti pansi pa bedi kwa masabata, ndi amene amaphika, kuchapa, kutaya bedipani ndi kusambitsa wodwala. Iye akuona chinthu cholemera chikukoka msomali wobooledwa pa fupa la mwamuna wake, ndipo nzeru ya munthu aliyense ingati ululu ukuchokera pamenepo. Chimene sankadziwa n'chakuti thumba likachoka, minofu imakokananso, zidutswa zimakhulana, ndipo fupa lanthete limene linayamba kumera limasweka. Kukacha timayambiranso. Usiku umodzi wa chifundo umatha kuwonjezera masiku pabedi.

Titafunsitsa, ululu wa bambowo sunali pantchafu n'komwe. Chinali chidendene chimene chinkakanikizika pa matilesi, komanso mankhwala opha ululu a madzulo ankaperekedwa molawirira, mphamvu yake n'kutha pakati pa usiku. Taika kapilo pansi pa katumba kuti chidendene chilendewere, ndipo anamwino asuntha nthawi ya mankhwala omaliza kufika pogona.

Oyeretsa m'wodi nawonso amanyamula matumba n'kuwaika pabedi akamakolopa, ndipo nthawi zina amaiwala kutsitsa. Ngakhale atakumbukira, kunyamula ndi kusiya mwadzidzidzi kumagwedeza fupa. Tafupikitsa zingwe kuti matumba akhale m'mwamba moti chokolopera chidutse pansi osawakhudza.

Tsopano Lachiwiri lililonse timakhala ndi agadiyani ku shelita kwawo. Sitinyamula mapepala. Timatenga ndodo ziwiri zomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga, n'kuwapatsa kuti akoke okha. Akasiya, ndodo zimapitirirana iwo akuona, ndipo mafunso amachepa. Lamulo tawapatsa limodzi loti aziliona asanagone ndiponso akadzuka: chikhatho chidutse pansi pa thumba osakhudza kanthu, phazi lisagunde chitsulo, pachingwe pasakhale chovala. Pa paipi yoimirira tajambula mzere wofiira. Thumba likatsika kupitirira mzerewo, aitane namwino kuti amukwezere wodwala kumutu, asayese okha.

Chimene chathandiza koposa sitinachikonze ife. M'wodi ya okokedwa mumakhala tcheyamani, amene ndi wodwala wokhalitsa kuposa onse. Ndi amene amasunga rimoti, kuweruza mikangano ya malo otchajira mafoni ndi kulandira obwera kumene. Titamufotokozera wa panopa, iye wayamba kufuula usiku akaona gadiyani akunyamula thumba: "Achimwene, siyani zimenezo, mufuna tidzadye Khirisimasi limodzi muno?" Mawu a munthu amene nayenso ali ndi msomali pamwendo amamveka kuposa athu. Ndalama zonse zinapita ku mapaipi ndi mabawuti, koma ndikaona makadi, chimene chaimitsa manambala ndi zokambirana za ku shelita ndi pakamwa pa tcheyamani.

Okutobala

Kwatentha, ndipo mavuto asamukira pakhungu. Matilesi a pulasitiki amasunga thukuta. Malo oyamba kufiira ndi kumapeto kwa msana ndi pachidendene. Wowotcherera wawonjezera chogwirira cholendewera pamwamba pa bedi lililonse kuti wodwala azidzikweza yekha ndi manja, mwendo wabwino utaponda pa matilesi. Akadzikweza, gadiyani amapukuta msana, kuwongola nsalu ndi kukutumula nyenyeswa za chakudya. Kudzikweza komweko kumatsegula chifuwa, ndipo kwa okalamba ogona chagada masabata ambiri chibayo ndi magazi oundana m'mitsempha ya mwendo ndi zoopsa kuposa fupa lenilenilo. Aliyense tamuuza kuti azisewetsa kakolo tsiku lonse ndi kumwa madzi ambiri, ngakhale ambiri amadziletsa kumwa pofuna kuchepetsa manyazi a bedipani. Makatani otchingira bedi akanathandiza pamenepa, ndipo tawapempha.

Pa msomali pakutuluka mafinya mwa odwala angapo. Ena ndi ofiira pakhungu chabe ndipo amatha ndi kutsuka tsiku ndi tsiku ndi madzi a mchere owiritsa. Koma pa mabedi awiri msomali unayamba kugwedera, ndipo chifukwa chake tinachipeza pa chitsulo chokhota chimene chimalumikiza msomali ndi chingwe. Chimayenera kuzungulira chokha pa msomali bondo likamapinda. Chikachita dzimbiri chimagwira msomali, ndiye wodwala akapinda bondo, msomali ndi umene umazungulira mkati mwa fupa n'kumakuza bowo. Pa bedi la Perkins, pamene bondo likuyenda tsiku lonse, vutoli limakula msanga. Zitsulo zokhotazo tazichotsa zonse, tazipala ndi kuzithira mafuta. Misomali yogwedera taizula, chifukwa ukausiya, matenda amalowa m'fupa.

Pa msomali wina tinapeza phala lakuda lopakidwa mozungulira. Achibale anabwera nalo kuchokera kwa sing'anga. Sindilimbana ndi zimene munthu wamanga m'chiuno kapena waika pansi pa pilo. Ndawapempha chinthu chimodzi, kuti pabowo pasafike kanthu kalikonse kosachokera m'manja mwa namwino, popeza bowolo limakafika m'fupa. Anamva.

Neti inativutanso. Yamasiku onse sikwana pa felemu, ndipo odwala ankaiboola kuti chingwe chidutse, udzudzu n'kumalowera pomwepo. Munthu wogona pa chingwe akadwala malungo, kunjenjemera kokha kumamupweteka kwambiri. Telala wa kochapira wasokerera kamkono ka nsalu pa neti iliyonse, chingwe chimadutsa mkati momasuka.

Osuta fodya tawauza mosabisa kuti fodya amachedwetsa kugwirana kwa fupa. Agadiyani tawalimbikitsa kuwonjezera usipa, nyemba, soya kapena dzira pa chakudya cha kuchipatala akakwanitsa.

Novembala

Mango apsa, ndipo ku wodi ya ana kwadzaza ogwa m'mitengo. Ambiri ndi mikono, amene amapita kwawo ndi chikhakha tsiku lomwelo, koma a ntchafu aliponso.

Ana sitiwaboola pamsongolo. Pamalo pomwe timaika msomali mwa akuluakulu, mwa mwana pali mbali imene fupa limakulira, ndipo ikawonongeka bondo limadzapindikira kumbuyo akamakula. Iwo timawakoka pakhungu ndi pulasitala yomata ndi bandeji. Khungu silipirira zolemera: ngakhale mwa munthu wamkulu sitipitirira makilogalamu 5, ndipo mwa mwana n'zochepa kwambiri. Ndi kutentha kuno pulasitala imatsetsereka, bandeji n'kuunjikana pa kakolo ndi kuyamba kudula. Anamwino akumasula ndi kukulunganso bandeji tsiku ndi tsiku, ndipo pa tifupa ta kakolo ndi kunja kwa bondo tikuika thonje lochindikala.

Aang'ono kwambiri, osafika zaka ziwiri ndiponso osapitirira makilogalamu 12, timawapachika miyendo yonse iwiri m'mwamba, matako atangonyamuka pang'ono moti dzanja lidutse pansi. Amayi akaona koyamba amalira, koma mwanayo pakapita masiku awiri amakhala akuzungulira ndi kusewera. Choopsa chake ndi magazi kulephera kukwera kumapazi, n'chifukwa chake malire a zaka ndi kulemera sitiwaphwanya ngakhale bedi lina palibe. Mapazi onse awiri, ngakhale la mwendo wabwino, amaonedwa pafupipafupi: kutentha, mtundu, zala zikuyenda. Mwana wolira mosatonthozeka amamasulidwa bandeji kaye, mafunso pambuyo. Khanda losayamba kuyenda likabwera ndi ntchafu yothyoka, timafunsa modekha koma mwatsatanetsatane mmene zinachitikira, ndipo nkhani ikapanda kugwirizana timadziwitsa a zachisamaliro cha anthu, poopa kuti mwina mwanayo anachitidwa nkhanza.

Ubwino wa ana ndi liwiro. Wamng'ono amagwirana m'masabata atatu kapena anayi. Zidutswa zikapitirirana ndi sentimita imodzi sitidandaula, chifukwa fupa lothyoka la mwana limakula mofulumirirapo kwa kanthawi ndipo mwendo umadzalingana. Bambo wina ataona chithunzi cha mwana wake anakwiya kuti mafupa sanalunjikane. Ndinamuonetsa chithunzi cha mwana wina chojambulidwa patatha chaka, dzina titaliphimba, pamene pothyoka sipakuonekanso. Anakhala chete, kenako anafunsa ngati angajambule ndi foni kuti akaonetse agogo ake a mwanayo.

Disembala

Mvula yagwa ndipo mitima ya odwala ili kumunda. Bambo mmodzi wa pa sabata yachinayi anapempha kuti timuzule msomali. Mbewu ndi feteleza zili m'nyumba, mkazi wake ali pano kumudikirira, ana ndi aang'ono. Tinamufotokozera kuti fupa lake likadali lanthete ndipo akaliponda lipindika. Anamvetsa bwinobwino, koma m'mawa mwake bedi linali lopanda munthu, chingwe chodulidwa. Anapita ndi msomali pamwendo. Tatumiza uthenga kudzera kwa alangizi a zaumoyo a dera lake kuti abwere tidzangouchotsa, palibe amene amukalipire.

Amene amati kukoka n'kotsika mtengo amawerenga msomali ndi chingwe basi. Sawerenga bedi logwidwa masabata 6 kapena 8, nthawi zina kupitirira, chakudya, ntchito ya anamwino, ndi anthu awiri a banja limodzi ochotsedwa kumunda nthawi yodzala. Pa chifukwa chimenechi tasintha katumizidwe ka odwala kuchipatala chachikulu. Sitikudikiranso kuti kukoka kulephere kaye. Tsiku limene munthu wagonekedwa timajambula chithunzi cha X-ray ndi foni n'kutumiza pa WhatsApp kwa madokotala a mafupa a kuchipatala chachikulu, popanda dzina. Othyoka mopingasa pakati pa fupa, othyoka kumtunda pafupi ndi chiuno kumene kukoka sikugwira bwino, othyoka miyendo yonse iwiri ndi okalamba timawapempherera malo nthawi yomweyo, uku akukokedwa podikira. Malo ochitira maopaleshoni a mafupa awonjezekako m'dziko muno chitsegulire chipatala cha mafupa cha LION ku Lilongwe mu 2023, ndiye kufunsa msanga kuli ndi phindu kuposa kale. Kwa otsala, sabata yachisanu ndi chimodzi ndi yoweruza: tikagwira pantchafu payenera kumveka chotupa cholimba chosapweteka, ndipo wodwala anyamule mwendo wowongoka yekha. Ngati fupa likugwederabe, timaimbanso foni.

Za mabondo ndinganene zimene ndaona ndi maso. Otsika pa mabedi a Perkins akutuluka akukhala pa mpando mapazi ali pansi, ndipo a fiziyo akuti ntchito yawo yatsala kuphunzitsa ndodo. Otsika pa felemu ya Braun, amene tikuwasungabe chifukwa mabedi ochekedwa theka sakukwana, akutuluka bondo lili lolimba ndipo ayenera kubwerabwera. Wa kabaza uja anabwera ku kiliniki ndi ndodo imodzi kudzafunsa tsiku loyambira kukwera njinga. Ndamuuza adikire chithunzi cha mwezi wa mawa, ndipo asaponde ndi mphamvu zonse.

Ndodo zoyendera zikusowa. Kalipentala wavomera kupanga zamatabwa ngati tipeza mphira wa kunsi, ndipo tikuyesa wa matayala akale. Makatani sanabwere. Misomali ya Denham yatsala yochepa ndipo tailemba pa oda ya kotala ikubwerayi. Ku wodi ya amayi sitinayambe: mabedi akumeneko ndi opapatiza, mafelemu athu sakukwana, ndiye wowotcherera adzayezanso zikondwerero zikatha. Maphunziro a ku shelita ayenera kupitirira sabata iliyonse chifukwa agadiyani amasinthana, makamaka nyengo ino, ndipo tapempha kuti alowe pa ndandanda ya ntchito za anamwino a masana kuyambira Januwale.